Mastodon siyinali ya msipu ayi, yang'anani mano ake

Akonzi,

Ndine mMalawi wokhala kuno ku Johannesburg, ndimagwira ntchito ya m'gadeni ndipo nyuzi yanu ndimawerenga pafoni ndikaweruka. Sabata yatha patsamba la ana munalemba za zinyama za nthawi imene mbali yaikulu ya kumpoto kwa dziko lapansi inakutidwa ndi madzi oundana, koma munasakaniza mastodon ndi mammoth, zinyama zakale zooneka ngati njovu, ngati ndi nyama imodzi yodya udzu. Pamenepo ndiye ayi, sizili choncho, ndipo zandikhudza kwambiri chifukwa mwana wanga wamkazi anali ndi pulojekiti ya kusukulu ya zinyama zomwezi, tinachezera naye masiku angapo pakatebulo m'kachipinda kathu tikuwerenga mpaka bando kutha, iye akujambula ine ndikumuwalitsira tochi magetsi atathima.

Nkhani yonse yagona pa mano. Mano a mammoth anali afulati okhala ndi timizere, ngati mphero, operera udzu wolimba. A mastodon anali ndi timapiri tosongoka tiwiritiwiri, moti katswiri wa ku France Georges Cuvier poitcha dzina anatenga mawu a Chigiriki otanthauza bere ndi dzino, poona kuti timapirito tikufanana ndi mawere. Mano oterowo ndi othyolera nthambi ndi kutafuna masamba. Yemwe anawetapo ziweto kumudzi andimvetsa msanga, ng'ombe imaweramira pansi kudya msipu pomwe mbuzi imaimirira ndi miyendo yakumbuyo kubudula masamba a mtengo, ndiye mastodon inali kumbali ya mbuziyo ngakhale kuti thupi linali la njovu, lalifupiko koma lojintcha.

Ndipo si zongoganizira izi. Mu 1989 ku Ohio, m'dziko la America, anthu akukumba dziwe pabwalo la gofu anapeza mafupa a mastodon pamodzi ndi zotsalira za m'matumbo mwake, munali tinthambi, masamba ndi zomera za m'dambo. Ku Florida mumtsinje wa Aucilla anapeza ndowe zake zenizeni zosungika m'matope, zodzaza ndi tinthambi totafunidwa ta mitengo ya cypress komanso njere za mphonda zam'tchire. Ine zandowezi zinandigwira mtima kwabasi, poti kwathu munthu ukaona ndowe ya njovu m'njira umadziwiratu ngati yadya mapfula kapena yachokera m'munda mwa wina, ndiye akatswiriwo akuchita zomwezo koma pa ndowe ya zaka zoposa 10,000.

Malo ake okhalanso munalakwitsa pojambula ili pachigwa cha mbee chopanda mtengo. Mastodon inkakonda nkhalango za mitengo ya spruce, madambo ndi m'mphepete mwa nyanja, nchifukwa chake mafupa ambiri amapezeka m'malo a lowe ozungulira Great Lakes, nyanja zikuluzikulu za kumalire a America ndi Canada. Inafalikira ku North America kuyambira ku Alaska mpaka ku Mexico, kuno ku Africa mtundu umenewu kunalibe, komanso si gogo wa njovu zathu za ku Liwonde, ndi chibale chakutali zedi chomwe chinapatukana kalekale.

Inatha zaka pafupifupi 12,000 zapitazo, nyengo itayamba kufunda nkhalango zake nkusintha, anthunso anali atafika ndi mikondo yawo, m'chigawo cha Washington ku America mu 1977 anafukula nthiti ya mastodon ili ndi nsonga ya fupa yolowa m'kati.

Ana athu obadwira kuno Chichewa akuchiwerengera patsamba lanulo, kwina kulikonse ndi Chingerezi ndi Chizulu basi, ndiye mwana wanga atawerenga anandifunsa kuti adadi ndani akunama, ifeyo kapena anyuzi? Chonde konzani sabata ikubwerayi, ndipo muike zithunzi za mano awiriwo moyandikana kuti ana adzionere okha kusiyana kwake, ndamulonjeza kuti tidzawerengera limodzi Loweruka.

Bambo wa ana awiri,
Rosettenville, Johannesburg