Kalata yochokera ku Delhi

Mnzanga,

Uthenga wako wa mawu uja ndaumvetsera usiku mwana atagona. Nthawi yonse ija ukungondikalipira kuti ndakhala chete, kumapeto kwenikweni n'kumafunsa kuti mwana ali bwanji. Sunasinthe ndithu. Ndiye ndati ndikulembere, chifukwa pa foni ndimayamba kulira nkhani isanathe.

Tabwereranso m'wodi. Anatitulutsa bwinobwino, tikukhala kuchipinda chomwe tikuchita lendi pafupi ndi chipatala, kenako mwana anayamba kutsegula m'mimba, thupi kutentha, ndipo atayeza magazi anapeza kuti creatinine, amene amasonyeza mmene impso ikugwirira ntchito, wakwera. Usade nkhawa kwambiri, impso imene bambo ake anam'patsa ikugwira ntchito, mwana akukodza. Ukukumbuka masiku a dayalisisi aja, akumusefa magazi ndi makina, tinkamubisira madzi, iye akulira ndi ludzu dzuwa la Okutobala likuswa mtengo? Pano ndine ndikumuchonderera kuti amwe, iye n'kumakana kuti madzi amukola.

Koma zimene zandichitikira sabata ino ndiyenera kukuuza. Pali mankhwala ena otchedwa tacrolimus, amene amaletsa thupi kulimbana ndi impso yachilendoyo. Amamwa kawiri pa tsiku, pakati pake maola 12, ndipo magazi oyezera kuchuluka kwa mankhwalawo amayenera kutengedwa m'mawa iye asanamwe. Tsiku limenelo namwino anam'patsa mankhwala, wotenga magazi n'kubwera patapita nthawi ndithu. Ine ndinaona, ndinalemba m'kope mwanga. Madzulo kunabwera dokotala wachinyamata, sindinamuonepo, atanyamula zotsatira, akuti nambala yakwera koopsa, achepetse mankhwala kwambiri.

Iwe, mtima unandigunda ngati chigayo. Tinakula tikuuzidwa kuti adokotala sayankhidwa, umangoti zikomo n'kutuluka. Ndiponso ndili m'dziko la eni, Chingelezi chawo n'chothamanga, changa n'chokoka. Koma ndinadziwa kuti akachepetsa potengera nambala yolakwikayo, thupi likhoza kuyamba kukana impso, impso imene bambo ake anang'ambidwira mimba. Ndinaimirira, ndinatsegula kope, n'kumusonyeza nthawi imene anamwa ndi nthawi imene anatenga magazi. Anati m'makalata awo simunalembedwe choncho. Ndinati chonde itanani adokotala aakulu a impso, ine sindilola kuti musinthe chilichonse iwo asanamve. Mawu ankanjenjemera koma ndinabwereza.

Adokotala aakuluwo atabwera anawerenga kope langa, n'kulamula kuti ayezenso m'mawa mwake pa nthawi yoyenera. Nambala inatulukabe yokwererapo, chifukwa akuti kutsegula m'mimba pakokha kumakweza tacrolimus m'magazi, ndiye anachepetsa pang'ono chabe, osati mmene ankafunira woyamba uja. Sindikunena kuti anthuwa ndi oipa, ayi. Wodi ndi yodzaza, amasinthana usana ndi usiku, aliyense amaona mwana wanga kwa mphindi zochepa. Amene ali pambali pake nthawi zonse ndine ndekha. Ndiye pano ndimalemba zonse, madzi amene wamwa, mkodzo umene watuluka, dzina la piritsi lililonse lisanalowe m'kamwa. Wina akalowa osasamba m'manja ndimamuuza, kaya wavala chovala choyera chotani. Akuti creatinine akapanda kutsika amubaya ndi singano kutenga kachidutswa ka impso kuti akaunike ngati thupi likuikana. Mafunso anga ndawalemba kale.

Tsopano ya ufa. Ufa unatha, mnzanga. Uja unatipakira iwe m'chikwama chabuluu, umene unkandiseka kuti ndikupita ku India kapena kumaliro, unatha kalekale. Kuno ufa wa chimanga ulipo koma ndi wachikasu, nsima yake siigwirana, ndipo bambo ake akaiona amangotembenukira kukhoma. Munthu wapereka impso osadandaula, bala likupola, akuyenda pang'onopang'ono, koma nkhani ya nsima ndiye tsiku lililonse. Mpunga, chapati, mphodza za tsabola, mpunga, chapati. Ine ndalota ndikudya nsima ya ufa woyera ndi chisoso. Anabanda analonjeza kuti apatsira aliyense wobwera kuno ndi wodwala, mpaka lero zii. Upite ukawakumbutse, ndipo usawanyengerere monga umachitira. Uikemonso usipa, umange bwino m'mapepala kuti usanunkhe m'ndege. Mwana sadya zimenezo pakadali pano, chakudya chake n'chosamala, chophikidwa kumene, zosaphika ayi, koma ife akulu tikufa. Ufawo ukhale woyera, wa pamphale, osati mgaiwa wa alamu ako uja womwe umakanda pakhosi.

Za ukwati wa mng'ono wako ndamva, ndakondwa, umupatse moni. Abusa uwathokoze chifukwa cha chopereka chija. Apongozi anga akakufunsa ungoti zili bwino, za singanozi usawauze, BP yawo ukuidziwa.

Chimene chimandisowetsa tulo si wodi ino ayi. Ndi kwathu. Mankhwalawa ndi a moyo wake wonse, tacrolimus, mycophenolate, prednisolone, osadumphitsa. Kuno magazi akatengedwa m'mawa, madzulo ndadziwa nambala. Tikafika ku Blantyre ndizikayezetsa kuti, ndalama yake ndiitenga kuti? Nanga tsiku limene mankhwala adzasowe? Nanga malungo, ndi chitetezo cha m'thupi chotsitsidwa dala chonchi? Adokotala ndawauza kale kuti sindikwera ndege popanda kalata yofotokoza zonse, yoti aliyense womuona kwathu aziwerenga.

Iye mwini akukana zithunzi, ndiye usiye kupempha. Prednisolone wamutupitsa masaya, manja amanjenjemera akagwira kapu, ndipo dzulo anandifunsa ngati anzake a Folomu 2 adzamuzindikire. Ndinamuuza kuti nkhope idzaphwa mankhwala akamachepa, zimene ndi zoona, koma sanayankhe. Mwina iwe umulembere, amakumvera kuposa ine. Umuuze za...

Abwera kudzamuyeza thupi, ndipo botolo la madzi sanalikhudze n'komwe. Ufa usaiwale.

Ndine mnzako