Lipoti la msonkhano wa magemu ogulitsa galimoto zakale

A Tcheyamani, akomiti ndi mamembala nonse,

Munandituma kukaimira gulu lathu la eni mashopu a magemu pa msonkhano umene unachitika m'tauni muno mu Lusaka Loweruka lapitali. Kunabwera eni mashopu anzathu, osewera, achinyamata amene akuphunzira kupanga magemu, ndiponso bambo wina wogulitsa galimoto zenizeni amene anachita kuitanidwa. Munandipatsa funso limodzi: kodi magemu ogula ndi kugulitsa galimoto zakale, amene anyamata akhala akutifunsa ku Matero, ku Chawama ndi ku Mtendere, ndi oti tiikepo ndalama za gulu? Maganizo anga ndi akuti tiyese pa makina amodzi kaye. Anthu amawakondadi magemuwa, koma kakondedwe kake sikagwirizana kwenikweni ndi mmene ife timapezera ndalama m'shopu.

Dzina limene linatchulidwa kwambiri ndi Car For Sale Simulator 2023, gemu yopangidwa ndi kampani ya ku Turkey yotchedwa Red Axe Games. Inatuluka pa Steam, sitolo ya pa intaneti yogulitsa magemu a pa kompyuta, mu 2023 isanamalizidwe kupangidwa, mwa dongosolo la Early Access, limene limalola kampani kugulitsa gemu uku ikuikonzabe. Wosewera amayamba ndi ndalama zochepa, amapita kumsika wa galimoto, amanenerera mtengo, amakonza ndi kutsuka galimotoyo, kenaka amaigulitsa kuti apeze phindu. Ina ndi Car Dealer Simulator, imene inatuluka mu 2025. Koma akuluakulu pa masewerawa anatikumbutsa kuti njira inalambulidwa kale ndi Car Mechanic Simulator ya Red Dot Games, yofalitsidwa ndi PlayWay ya ku Poland, imene inayamba mu 2014. M'menemo ntchito yaikulu ndi ya umakaniko, koma umathanso kugula chiphakasa pa okushoni kapena kumalo otayako galimoto, kuchimasula mpaka bawuti yomaliza, kuchimanganso n'kuchigulitsa. Ya 2021 imapezekanso pa PlayStation ndi Xbox, ndipo mfundo imeneyi muisunge chifukwa ndibwererako.

Osewera atafunsidwa chimene chimawakoka, palibe amene anatchula kuyendetsa. Onse anavomerezana kuti amene akufuna kuyendetsa amapita ku Euro Truck Simulator 2, ija ya SCS Software ya mu 2012, kapena ku magemu a mpikisano. Kuno chokoma ndi kunenerera. Mnyamata wina wa ku Kalingalinga anafotokoza kuti mtima umagunda pamene watchula mtengo wotsika kwambiri n'kumadikira ngati mwini galimoto avomere kapena akwiye. Mtsikana wina anati iye amakonda kuona ndalama zikukwera pang'onopang'ono, kuchokera pa kagalimoto kamodzi kotopa mpaka bwalo lodzaza. Ine ndinaona kuti zimenezi si zachilendo kwa mwana wa mu Lusaka. Amene anakulira pafupi ndi misika ya Soweto kapena Kamwala amadziwa kale kuti mtengo woyamba si mtengo, ndiye gemu ikangomupatsa mpata wochita zomwezo ndi galimoto, amakhala wafika kwawo.

Ambiri anawadziwira pa YouTube magemuwa. Kuonerera munthu akugula galimoto yobisika matenda n'kuluza ndalama zake zonse kumaseketsa, ndipo opanga mavidiyo amadziwa zimenezo. Ana athu ambiri amene amatifunsa za magemuwa sanawasewerepo pa kompyuta, anangowaonera. Ena amasewera zofananako pa foni, chifukwa pa Play Store padzaza magemu a mayina oyandikana kwambiri, aulere koma odzaza ndi zotsatsa malonda. Choncho mwana akanena kuti akufuna gemu ya galimoto ija, tiyambe tamufunsa kuti iti, ndipo anaionera kuti.

Gawo limene linandipindulitsa kwambiri linali la mlongo wina amene amaphunzitsa za makompyuta. Iye anatisonyeza kawerengedwe ka ndemanga za pa Steam, ndipo ndikufuna komiti imve bwino chifukwa tidzazigwiritsa ntchito pogula gemu iliyonse. Steam, imene ndi ya kampani ya Valve, imasonkhanitsa mavoti a ogula n'kuika chizindikiro. Ngati okondwera ali pakati pa 40 ndi 69 pa 100 alionse, imalemba Mixed. Kuyambira 70 mpaka 79 imalemba Mostly Positive. Kuyambira 80 kupita m'mwamba, ndemanga zikakhala zokwanira, imalemba Very Positive, ndipo Overwhelmingly Positive imafuna 95 pa 100 alionse komanso ndemanga zosachepera 500. Pamakhala mizere iwiri, wina wa ndemanga zonse chiyambire, wina wa masiku 30 apitawa. Pa magemu ogulitsidwa asanathe kupangidwa, mzere wachiwiriwu ndi umene umanena zoona za lero, chifukwa kampani ikhoza kukonza zolakwika anthu n'kukondwa, kapena kuwonjezera chinthu chatsopano n'kuononga zimene zinali bwino. Anapereka chitsanzo cha Car Mechanic Simulator 2018, imene inatuluka mu 2017 ili ndi zolakwika zambiri moti ogula anadandaula kwambiri, koma kampani inazikonza motsatizana mpaka mbiri yake inasintha.

Anatiuzanso kuti pa ndemanga iliyonse pamaoneka maola amene wolembayo wasewera. Apa ndi pamene pali nkhani. Steam imabweza ndalama ngati wapempha pasanathe masiku 14 ndipo sunasewere kupitirira maola awiri. Magemu a mtunduwu amakoma zedi m'maola oyambirira, pamene ndalama zikusowa ndipo galimoto iliyonse ukhoza kugwa nayo. Madandaulo amayamba munthu akalemera. Osewera amene analipo anati ukadziwa kanenereredwe kamene kamagwira ntchito, ogula a m'gemu amayankha mofanana tsiku ndi tsiku, galimoto zimabwerezabwereza, ndipo ndalama zimangounjikana popanda chozigwiritsira ntchito. Ndiye chizindikiro chabwino pa Steam chikhoza kukhala cha anthu amene anavota akadali pa chisangalalo choyamba. Mlongoyo analangiza kuti tiziwerenga makamaka ndemanga za amene asewera nthawi yaitali, ngakhale zikhale zaukali.

Madandaulo ena ndi odziwika: galimoto kulowa pansi kapena kuuluka ikagunda kanthu, gemu kudzitsekera yokha, makina kulemedwa. Panalinso odandaula kuti galimoto za m'magemu ambiri zilibe mayina enieni, zimangofanana ndi zenizeni koma dzina n'losinthidwa, chifukwa chilolezo cha makampani opanga galimoto n'chodula. Sindichedwapo pamenepa.

Bambo wogulitsa galimoto uja ndi amene anautsa holo. Anapatsidwa mpata wosewera pang'ono pamaso pa anthu, ndipo atamaliza anaseka n'kunena kuti gemuyo yasiya theka la ntchito yake. M'gemu, galimoto umaipeza ili kale pamsika pafupi ndi iwe. Kuno galimoto zambiri zimachokera ku Japan. Umaiona pa chithunzi, mwina pa mawebusaiti ogulitsa galimoto monga BE FORWARD kapena SBT, umalipira m'madola usanaikhudze, imakwera sitima mpaka ku Dar es Salaam, kenaka imayenda pamsewu kudzalowera pa Nakonde. Zina zimatsikira ku Durban n'kudzera pa Chirundu, zina ku Walvis Bay. Pa boda pali msonkho wa ZRA, bungwe lotolera misonkho, ndi wokuthandiza kuombola katundu, ukafika kuno pali kulembetsa ku RTSA, bungwe loona za pamsewu, ndipo masabata onse amene galimoto ili m'njira kwacha imakhala ikusinthasintha mphamvu pa dola. Iye anati phindu la wogulitsa wa mu Lusaka limapangika kapena kufera pamenepo, galimoto isanaime n'komwe pabwalo.

Anafotokozanso chifukwa chake Japan amatulutsa galimoto zambiri zooneka zatsopano. Kumeneko galimoto ya munthu wamba imayesedwa mwalamulo ikatha zaka 3, kenaka zaka 2 zilizonse, ndipo kuyesako kumadya ndalama, choncho ambiri amasankha kugulitsa n'kugula ina. Popeza iwo amayenda kumanzere kwa msewu ngati ife, chiwongolero chili kumanja, ma Vitz, Allion, Premio, Mark X, Honda Fit ndi ma Hiace amangotsika sitima n'kuyamba ntchito. Pa okushoni za ku Japan galimoto imakhala ndi pepala losonyeza giredi yake, makilomita ndi malo amene inakalika kapena kuwongoledwa, ndipo wodziwa kuwerenga pepala limenelo sapusitsidwa wamba. Bamboyo anayamikira chinthu chimodzi m'gemu: imaphunzitsa mwana kuti usagule usanayang'ane, ndiponso kuti ndalama yokonzera iwerengedwe mtengo usanatchulidwe. Koma anachenjeza kuti mwana asatuluke m'shopu mwathu akudziona ngati wadziwa bizinesi. Wogula weniweni amabwera ndi makaniko wake, amapempha kulipira pang'onopang'ono, ndipo giyabokosi ikafa patatha sabata amadziwa kumene umakhala.

Mayi wina, kholo, anafunsa ngati magemuwa saphunzitsa ana chinyengo, poti kupambana kwake ndi kugula motchipa, kupukuta, n'kugulitsa modula. Anthu anagawanika. Ine ndikuona kuti kugula motchipa n'kugulitsa modula ndi malonda amene tonsefe timadyera, ndipo pa magemu amene ali kale m'mashopu athu, oombera mfuti aja, awa ndi ofatsa kwambiri. Komabe funso la mayiwo tidzakumana nalo kwa makolo a m'makomboni mwathu, ndiye ndi bwino tikhale titaganizapo.

Tsopano za thumba lathu. Shopu zathu zimayenda ndi mpira. FIFA, imene kuyambira 2023 ikutchedwa EA Sports FC, imatipatsa anthu awiri pa makina amodzi, masewero amatha m'mphindi zochepa, woluza amadzuka, wina amakhala, ndipo oonerera kumbuyo ndi makasitomala a mphindi zikubwerazo. Gemu yogulitsa galimoto ndi ya munthu mmodzi amene amafuna kukhala nthawi yaitali, ndiponso amafuna kuti mawa adzapeze bwalo lake ndi ndalama zake zili momwe anazisiyira. Zili ngati dimba: wina akalima lero, sangalole kuti mnzake adzakolole mawa. Mwini shopu wina wa ku Kabwata amene anayesapo kale anati mkangano waukulu unali umenewu, mwana kupeza kuti mnzake wagulitsa galimoto zake zonse. Iye anayamba kulipiritsa pa ola ndi kusungira wosewera aliyense zake payekha, ndipo anati amene anazolowera amabwera m'mawa mkati mwa sabata, nthawi imene makina a mpira amangokhala. Mfundo imeneyi ndi imene inandikopa. Magemuwa sangalowe m'malo mwa mpira, koma akhoza kudzaza maola amene timangolipira lendi popanda wolowa.

Pali zopinga zina zimene sitingazilumphe. Ambiri a ife tili ndi PlayStation, pamene magemu ogulitsa galimotowa kwawo kwenikweni ndi pa kompyuta, ndipo amafuna kompyuta yamphamvu ndithu, osati zija zolembera makalata. Steam imafuna khadi monga Visa kapena Mastercard, ndipo mtengo umatsatira dola. Chinanso chimene ambiri sitinkachidziwa n'chakuti gemu yogulidwa pa akaunti wamba ya Steam ndi yosewera mwini wake, osati yochitira malonda. Valve ili ndi dongosolo lapadera la malo ngati athu, lotchedwa Steam PC Café Program, ndipo si gemu iliyonse imene ilimo. Tiyenera kufufuza zimenezi tisanatulutse ngwee. Za magemu okopera mwakuba zinakambidwanso, ndipo amene anayesapo anati amabwera ndi mavairasi komanso salandira zokonza, pamene magemu a mtunduwu amadalira zokonzazo kuti aziyenda bwino. Nkhani ya kuzimazima kwa magetsi nonse mukuidziwa kuyambira chilala cha 2024 pamene madzi anatsika ku Kariba. Masewero a mpira akadukira pakati timangoyambiranso, koma munthu amene wagwira ntchito ola lathunthu osasunga adzafuna ndalama yake ibwerere. Makina oyeserawo akhale pa shopu imene ili ndi sola kapena invata.

Achinyamata opanga magemu, ena mwa iwo amene amapitapita ku BongoHive, malo othandiza oyamba mabizinesi a zamakompyuta, anatenga mawu a bambo wogulitsa galimoto uja ngati mwayi. Akuganiza za gemu ya pa foni imene ingayambire pa kusankha galimoto ku Japan mpaka kuiimika m'mbali mwa Kafue Road. Pakadali pano ndi maganizo chabe, koma anapempha ngati angadzayesere m'mashopu athu ikadzakhalapo. Ndinawauza kuti ndikafikitsa pempholo kwa inu, sindinalonjeze kanthu.

Zimene ndikupempha komiti kuti igamule pa msonkhano wathu wotsatira ndi izi. Tiyambe ndi Car Mechanic Simulator 2021 pa PlayStation imodzi, poti makinawo tili nawo kale ndipo kugula ndi kugulitsa galimoto kulimo, tilipiritse pa ola, ndipo mwini shopuyo azilemba m'kope amene abwera, nthawi yake, ndi ngati abweranso. Kope limenelo likadzaonetsa kuti anthu akubwereranso pakatha mwezi, ndiye tikambe zogula kompyuta ya Car For Sale Simulator 2023 kapena Car Dealer Simulator, titaona kaye ndemanga za masiku 30 pa nthawiyo ndi nkhani ya chilolezo. Pakufunika membala mmodzi wodzipereka kuti shopu yake ikhale yoyeserapo. Malisiti a thiransipoti ndi ndalama yolowera ndapereka kwa a Msungichuma.

Ine nthumwi yanu.