Musanalipire ku jimu, kaiyendereni pa ola limene muzidzapitako

A Mkonzi,

Tipatseniko danga m'nyuzipepala yanu tilankhule ndi anthu amene akuganiza zolembetsa ku jimu. Malo onyamulira zitsulo ndi ochitira masewera olimbitsa thupi achuluka ku Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba, ena m'mahotela, ena pamwamba pa mashopu, ena kuseri kwa nyumba m'makwalala. N'zokondweretsa, poona mmene BP ndi shuga zikuvutitsira anthu. Chimene chimatiwawa n'chakuti ambiri amasankha jimu ndi maso okha. Amakopeka ndi magalasi aakulu, nyimbo zaphokoso ndi mnyamata wa minofu yotupa amene wawalonjera pakhomo. Amalipira miyezi itatu n'kupitako milungu iwiri yokha, ndipo ena amachokako msana ukupweteka.

Yambani mwaganizira mtunda. Bungwe la WHO limalangiza munthu wamkulu kuchita masewera otulutsa thukuta pang'ono kwa mphindi 150 mpaka 300 pa mlungu, komanso masewera olimbitsa minofu masiku awiri kapena kuposerapo. Ndiye kuti ku jimuko muzipitako katatu kapena kanayi pa mlungu, maulendo 12 mpaka 16 pa mwezi. Wokhala ku Chirimba amene amagwira ntchito m'tauni ya Blantyre akalembetsa ku Limbe, awerengere ya minibasi popita ndi pobwera pa maulendo onsewo, aiphatikize pa ndalama yolipira ku jimu. Aganizirenso mvula ya mu Januwale ndi mdima wa pobwerera. Jimu yabwino ndi imene ili panjira yanu ya tsiku ndi tsiku, ngakhale ikhale yosawala.

Mukaipeza, musakaione cha m'ma 10 koloko m'mawa, anthu ali kuntchito. Pitani pa ola lenileni limene muzidzapitako, makamaka pakati pa 5 ndi 7 koloko madzulo. Werengani anthu, muwerengenso zida. Ngati benchi ili imodzi ndipo anthu asanu akuidikira, aliyense n'kutenga mphindi 10, ola lanu lidzathera pamzere. Imani pakati pa chipindacho mumve mpweya. Mawindo akhale mbali ziwiri zoyang'anizana kuti mphepo izidutsa, chifukwa chipinda cha malata chopanda siling'i, chodzaza anthu mu Okutobala, chimakomola munthu. Funsani ngati pali madzi akumwa. Funsaninso za magetsi akathima: kodi jenereta imayendetsa makina othamangirapo aja kapena imangoyatsa mababu ndi wailesi?

Tsopano zida, ndipo apa musachite manyazi kugwiragwira. Makina okoka amayendera chingwe cha waya chokutidwa ndi pulasitiki. Yendetsani chala pachingwecho, makamaka pamene chimapinda pa kagudumu ndi pamene chalumikizidwa ndi chogwirira, poti m'pamene chimayambira kutha. Pulasitiki ikang'aluka, timawaya n'kumasuzumira kunja, chingwecho chidzaduka munthu ali pakati pokoka, ndipo chogwirira chidzamumenya kumaso kapena adzagwa chagada. Kachitsulo kosankhira kulemera kakhale kake kenikeni. Mukapeza pabayidwa msomali kapena sikuludiraiva, dziwani kuti eni malo sakonza zinthu. Benchi muigwedeze ndi manja awiri, muyang'ane mabauti ndi malo owotcherera ngati mulibe ming'alu.

Mtanda wonyamulira zitsulo muugubuduze pansi. Wopindika umayenda modumphadumpha, ndipo pounyamula umatembenuka m'manja. Mtanda wa muyezo umalemera makilogalamu 20 ndipo ndi wautali mamita 2.2, pamene wa amayi umalemera 15. Nsonga zake, pamene pamalowa zitsulo, zizizungulira mosavuta, apo ayi mikono ndi zigongono n'zimene zimapotoka. Pakhale zotsekera kunsonga kuti zitsulo zisapulumuke. Zikapulumuka mbali imodzi, mtanda umapendekera mbali inayo mwamphamvu ngati katungwe. Pamalo onyamulira chonjuta pakhale zitsulo zotchinga m'mbali, zoti munthu mphamvu zikamuthera autulirepo mtandawo.

Chinthu chimene oyamba kumene saganizira ndi zitsulo zing'onozing'ono. Jimu zambiri zimanyadira zitsulo zolemera, koma inu funsani ma dumbbell (zitsulo zonyamula ndi dzanja limodzi) a makilogalamu 2, 3, 4 ndi 5, ndi zitsulo zowonjezera za 1.25 ndi 2.5. Thupi limalimba mukamawonjezera kulemera pang'onopang'ono. Pamene palibe tizitsulo timeneti munthu amakakamizika kulumpha kuchoka pa 10 kufika pa 20, ndipo mapewa ambiri amavulala pamenepo. Jimu za m'makwalala, za zitsulo za galimoto zakutha ndi simenti youmbira m'zitini za penti, sitikuzinyoza ayi, zalera anyamata amphamvu ambiri. Vuto lake n'lakuti kulemera kwake amangoyerekeza, ndiponso simenti imagumuka. Bwerekani sikelo muyeze mbali zonse ziwiri, mulembepo ndi penti. Mbali imodzi ikaposa inzake ndi makilogalamu awiri okha, msana umapendama tsiku lililonse mwini wake osadziwa.

Pa makina othamangirapo, lamba ayende pakati osakhula m'mbali, ndipo asaterereke mukaponda. Pakhalenso kachingwe kachitetezo komangirira pa malaya, kamene kamazimitsa makina munthu akapunthwa. Pansi pa jimu pakhale mphira, osati matailosi, amene amaterera thukuta likadontherapo.

Koma chachikulu kuposa zida zonse ndi kochi. Minofu yake isakunamizeni: kudziwa kukuza thupi lako n'kwina, kudziwa kuphunzitsa mayi wa zaka 50 wodwala maondo n'kwinanso. Kochi wodziwa ntchito amayamba ndi mafunso musanakhudze chitsulo. Amafunsa ngati muli ndi BP, shuga, mphumu kapena vuto la mtima, ngati munamvapo kupweteka pachifuwa kapena chizungulire pogwira ntchito, mankhwala amene mukumwa, ngati muli oyembekezera kapena munachitidwapo opaleshoni. Mafunsowa ali ndi zifukwa zake. Ponyamula cholemera anthu amakonda kubanika mpweya, ndipo BP imakwera kwambiri kwa kanthawi, choncho amene BP yake imafika kale pa 140/90 ayambe wakaonana ndi dokotala, aphunzitsidwenso kutulutsa mpweya pamene akukankha. Wodwala shuga amene amadzibaya insulin kapena kumwa mapiritsi ena otsitsa shuga angathe kunjenjemera ndi kukomoka shuga ikatsika pakati pa masewera, ndiye asapite wosadya, atengenso chotsekemera m'thumba. Kochi wosafunsa chilichonse mwa izi, wongoti "tiyeni tiyambe, bwana", musamupatse thupi lanu.

Khalani pambali muone mmene akuphunzitsira munthu watsopano. Woyamba kumene amafunika zochepa: kunyamula mobwereza ka 8 mpaka 12, kupuma, n'kuchitanso kawiri kapena katatu, ndi kulemera kumene angakwanitse msana uli wowongoka, kenako minofu imeneyo ipume masiku awiri. Alipo makochi ena amene amaona ngati ulemu kumupanikiza mlendo tsiku loyamba mpaka asanze. Kuphwanya kwa thupi kwa masiku awiri kapena atatu n'kwachibadwa. Koma minofu ikatupa kwambiri, n'kumawawa mosapiririka, mkodzo n'kuda ngati tiyi wopanda mkaka, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo. Pamenepo minofu yawonongeka ndipo zotuluka m'minofumo zikuvulaza impso.

Mvetseraninso zimene akulonjeza. Wonena kuti achotsa mimba yanu ndi masewera a pamimba okha m'milungu iwiri akukunamizani, popeza mafuta sachoka pamalo amodzi osankhidwa, amachepa thupi lonse malinga ndi kadyedwe ndi kayendedwe. Kuzenga pulasitiki m'chiuno kumangotulutsa madzi, amene amabwerera mukangomwa. Choopsa kwambiri ndi jimu imene mumagulitsidwa jekeseni ndi mapiritsi okuzira minofu, ma steroid aja. Amawononga chiwindi ndi mtima, amakweza BP, amafwetsa machende ndi kuchepetsa mphamvu yobereka, amameretsa mabere kwa abambo, ndipo kwa amayi amakulitsa mawu mwina osabwereranso. Kubwerekana masingano kumafalitsa HIV ndi matenda a chiwindi a hepatitis B ndi C. Mukangomva malonda amenewa, tulukani. Ngakhale ufa wa mapulotini wa m'mabotolo suli wokakamiza. Wofuna kukuza minofu amafunika pafupifupi magalamu 1.6 a mapulotini pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake patsiku, kutanthauza magalamu 112 kwa munthu wolemera makilogalamu 70. Dzira limodzi lili ndi magalamu 6, ndipo usipa, nyemba, soya, mtedza ndi mkaka zimakwaniritsa kotsalako.

Amayi ndi atsikana ayang'ane chipinda chosinthira zovala ngati chili chawochawo ndipo chimakhomeka. Kochi waulemu amapempha kaye asanagwire munthu pomuwongolera kaimidwe, ndipo kawirikawiri mawu okha amakwana. Funsani kumene mungakadandaule wina akakuchitani chipongwe. Za ukhondo n'zachidule: benchi yonyowa ndi thukuta la wina imapatsira chipere, choncho pakhale chopukutira ndi mankhwala opopera, inu mutenge thaulo lanu, ndipo m'bafa muzilowa ndi patapata. Bokosi la chithandizo choyamba aliyense amati lilipo, ndiye pemphani alitsegule mulione.

Pa ndalama, yambani kulipira tsiku limodzi kapena mlungu, kenako mwezi. Kulipiriratu miyezi isanu ndi umodzi kapena chaka kumaoneka kutsika mtengo, koma dikirani mpaka mutapitako miyezi iwiri osajomba. Funsani ngati pali ndalama yolembetsera yapadera, ngati aerobics (masewera a pagulu otsatira nyimbo) ndi kochi zili momwemo, ndiponso ngati amaimitsa kuwerenga masiku mukadwala kapena mukapita kumaliro kumudzi. Funsani chimene chidzachitike ndi ndalama yanu jimuyo ikatsekedwa kapena kusamuka. Mayankho onsewa alembedwe papepala, osangoti pakamwa. Landirani lisiti yoonetsa tsiku loyamba ndi lomaliza. Mukalipira pa Airtel Money kapena Mpamba, tumizani ku nambala ya bizinesiyo, osati ya kochi, poti kochi akachoka ntchito eni malo angakukaneni, ndipo uthenga wotsimikiza uja musaufufute. Akakana kukubwezerani ndalama ya ntchito imene sanakuchitireni, tengani lisiti ndi pepala lija mukadandaule ku bungwe la Competition and Fair Trading Commission.

Aphunzitsi a masewera olimbitsa thupi,
Blantyre