Lipoti la msonkhano wa ku Lilongwe: batire yomwe imatha nyali ili chizimire

A Tcheyamani, a Msungichuma ndi amisiri anzanga nonse, ndabwerako ku msonkhano wa masiku awiri womwe munandituma. Malisiti a basi ndi a malo ogona ndapereka kale kwa a Msungichuma, ndiye aja ankanong'ona kuti ndikukadya ndalama za gulu apite akawaone.

Tsiku loyamba m'mawa kunali malonje ndi zokamba za misonkho, zomwe tonse timazidziwa. Ndalama yanu inayamba kugwira ntchito masana, pamene tinatsegula nyali ya sola ya rimoti, zomata zija zimene makasitomala amatibweretsera akudandaula kuti batire ikutha chonsecho sanayatse. Ife timangosintha batire, pakatha mwezi munthu wabweranso, akutitcha akuba. Anzanga, batire ija ilibe mlandu. Kuti nyali imve rimoti, muli kachipangizo kolandira kuwala kosaoneka ndi maso kwa infrared pa 38 kHz, ndipo kameneka sikagona usana ndi usiku. Kachipangizo kotere kotchedwa TSOP38238 kamakoka magetsi pafupifupi 0.35 mA kali phee. Zikuoneka zochepa, koma batire ya CR2032 ya 220 mAh ikhoza kutha m'masiku 26 okha popanda wokhudza batani.

Chomwe chinandiimitsa mutu ndi regulator, kachipangizo koonetsetsa kuti mphamvu ya magetsi isasinthesinthe. Ma regulator a AMS1117 ndi 7805, zipangizo zomwe timazikonda chifukwa timazizula m'mabodi akale, zimadya pafupifupi 5 mA pazokha. Pa tsiku ndi 120 mAh, kutanthauza kuti batire ya 18650 ya 2000 mAh siifika masabata atatu. Koma regulator ya MCP1700 imakoka 1.6 µA basi (1 mA ndi 1000 µA), HT7333 pafupifupi 4 µA. Ndinachita manyazi ndithu, chifukwa mwezi watha ndinaika AMS1117 ndi manja angawa m'nyali ya kasitomala wina.

Kenaka anatisonyeza mogonetsera khutu lija lomvera rimoti. M'malo molilumikiza kubatire mwachindunji, mumalipatsa magetsi kuchokera pa mwendo wa microcontroller (kakompyuta kakang'ono ka pa bodi) ngati ATtiny85, yomwe ikagona imakoka ma µA ochepa chabe. Imadzuka masekondi awiri alionse, kumvetsera kwa 120 ms, n'kugonanso. Nambalayi sanangoilota: rimoti yotumiza zizindikiro m'njira yotchedwa NEC imabwereza chizindikiro pa 108 ms iliyonse munthu akagwirira batani, choncho siingaphonyedwe. Mwanjira imeneyi CR2032 ija imafika pafupifupi chaka. Vuto lake n'lakuti kasitomala ayenera kugwirira batani masekondi awiri, ndipo makasitomala athu mukuwadziwa, adzangoti mwaononga rimoti. Tidzafunika kumawafotokozera tisanalandire ndalama. Palinso njira ya reed switch, switch yoyendetsedwa ndi maginito: nyali ikamasungidwa mumaika maginito kunja kwa bokosi, batire n'kuduka popanda kuboola paliponse, bola switchyo ikhale ya mtundu wodula magetsi maginito akayandikira.

Tsiku lachiwiri kunali za kasungidwe ka mabuku a bizinesi ndi kujambulitsa chithunzi. Kumapeto anagwirizana kuti zipangizo zomata zisamatsegulidwe, zizibwezedwa kwa wogulitsa, poti zikatsegulidwa zimalowa madzi. Ine ndinakana, ndipo ndikukanabe. Nyali yogulidwa pamsika wa Limbe popanda lisiti, yochokera ku China, mukaibweza kwa ndani? Amene ananena zimenezo ali ndi mashopu a magalasi. Ife tizitsegula mosamala, kukonza, n'kumatanso ndi silikoni, mvula ya Januwale idzatiyese.

Koma zonsezi sizitheka popanda mita yowerenga µA, ndipo apa ndiye pali nkhani yathu yakale. Gulu linagula mita yabwino ndi ndalama zosonkha tonse, wina anaibwereka chaka chatha, mpaka lero ili kwake. Dzina sinditchula, mwini wake akuwerenga. Mamita athu otchipa ambiri amayambira pa mA, ndiye 4 µA amangoonetsa ziro, iwe n'kumati zonse zili bwino. Komanso alawansi yomwe munandipatsa inawerengedwa pa mtengo wakale wa basi, moti ndinaonjezera zanga zam'thumba, ndipo a Msungichuma ndawalembera kuseri kwa lisiti.

Ndabweretsa ma MCP1700 khumi ndi ma reed switch asanu. Loweruka aliyense abwere ndi nyali imodzi yovuta tidzaiyeze pamodzi. A Tcheyamani, chonde mita ija ifike tisanayambe.