Asanaponde kumwezi, mainjini anaphulika kaye pansi pano

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhuleko pa nkhani ya ulendo wa kumwezi, chifukwa masiku ano ikangotchulidwa pa Facebook kapena m'magulu a WhatsApp mumva zinthu ziwiri basi, wina akuti inali filimu anajambula mu situdiyo, wina akungodziwa dzina la Neil Armstrong ndi tsiku la 20 July 1969, koma za chinthu chimene chinawanyamula anthuwo palibe amakamba. Ine chimandigwira mtima ndi roketi ija ya Saturn V, makamaka mmene anaivutikira, ndipo ndikupempha kuti nyuzipepala yanu ikamalemba za mlengalenga muzilembako mbali imeneyi, chifukwa munthu akaimva bwinobwino zonena za filimuzi zimatha zokha.

Pomwe pulezidenti wa America John F. Kennedy ankauza nyumba ya malamulo pa 25 May 1961 kuti America itumiza munthu kumwezi zaka za m'ma 1960 zisanathe, dzikolo linali litangoponya munthu mmodzi yekha m'mwamba, Alan Shepard, kwa mphindi 15 zokha osazungulira n'komwe dziko, pamene Yuri Gagarin wa Soviet Union anali atazungulira kale pa 12 April. Roketi yofika kumwezi kunalibe.

Vuto la roketi ndi kulemera. Kumwambako kulibe mpweya woyatsira moto ndiye imanyamula okosijeni wakewake, ndipo mafuta aliwonse amene waonjeza amafunanso mafuta ena owanyamula. Saturn V inali yotalika mamita 111, ikadzaza imalemera matani pafupifupi 2,900, zoposa 90 peresenti ya kulemerako anali mafuta ndi okosijeni, ndipo chimene chimabwerera padziko ndi kachipinda kosakwana matani 6 muli anthu atatu. N'chifukwa chake anaigawa patatu, gawo likatha mafuta amalitaya kuti asamakoke thanki yopanda kanthu.

Gawo lapansi ndi limene ndikufuna tikhalepo pang'ono. Linali ndi mainjini asanu a F-1 opangidwa ndi kampani ya Rocketdyne, oyendera mafuta a mtundu wa palafini woyengedwa bwino ndi okosijeni wamadzi wozizira kufika -183 digiri, ndipo asanuwo pamodzi amameza matani pafupifupi 13 pa sekondi imodzi, kwa mphindi ziwiri ndi theka. Pampu ya injini imodzi yokha inali ndi mphamvu ya mahatchi 55,000. Moto wam'kati umapitirira madigiri 3,000, wokwana kusungunula chitsulo cha injiniyo, ndiye makoma ake anawapanga ndi timapaipi tambirimbiri towotcherera pamodzi, mafuta ozizira amayamba adutsa m'timapaipimo kuziziritsa khoma asanakalowe pamoto. Koma chimene chinatsala pang'ono kuwagonjetsa ndi moto wosakhazikika. Pamwamba pa chipinda choyakira pali chitsulo chabowobowo ngati sefa pomwe mafuta ndi okosijeni zimapoperedwa, ndiye nthawi zina motowo umayamba kugwedezeka uku ndi uku mofulumira kwambiri mpaka kuboola chitsulo, zonsezi sekondi isanathe. Mu June 1962 injini ina inawonongekeratu pa tesiti ku Edwards ku California. Kompyuta yoti iwauze chikuchitika n'chiyani m'katimo kunalibe, ndiye anangoti tiyese, kusintha mabowo, kuika timipanda takopa togawa chitsulocho m'zipinda 13, kuyatsa, kuona, kusinthanso. Ndipo chimene ndimachipatsa ulemu kwambiri, m'malo modikira kuti vutolo libwere lokha anayamba kuliputa dala, amaika kabomba kakang'ono m'kati mwa injini ikuyaka n'kukaphulitsa kuti aone ngati motowo ubwerere m'malo mwake. Anapitiriza choncho mpaka injini imadzikhazika yokha m'kagawo kochepa ka sekondi.

Kuti muone kufunika kwa matesiti amenewa yang'anani mbali ya Soviet Union. Akatswiri analipo, Sergei Korolev ndi amene anaponya Sputnik, setilaiti yoyamba kuzungulira dziko, mu 1957 komanso Gagarin, koma anasemphana ndi Valentin Glushko wopanga mainjini akuluakulu pa nkhani ya mtundu wa mafuta, ndiye roketi yawo ya kumwezi, N1, inathera ndi mainjini ang'onoang'ono 30 pa gawo lapansi, a Nikolai Kuznetsov. Korolev anamwalira mu January 1966. Gawo la mainjini 30 lija sanaliyatsepo lathunthu pansi ngakhale kamodzi, tesiti yake inali kuuluka komweko, pamene Aamerika amanyamula gawo lonse pa bwato lalikulu kukalimangirira ku Mississippi n'kuliyatsa lisanapite ku Florida. N1 inanyamuka kanayi pakati pa 1969 ndi 1972, kanayi konse inalephera, ndipo ya pa 3 July 1969 inagweranso pomwe inanyamukira ku Baikonur n'kuphwasula malowo, kutatsala masiku 13 kuti Apollo 11, ulendo wa Armstrong uja, inyamuke. Sindikunena kuti Arasha anali osadziwa ntchito ayi, ndalama ndi nthawi yoyesera ndi zimene sanapatsidwe.

Nawo Aamerika sikuti zinangoyenda. Pa 27 January 1967 moto unabuka m'chipinda cha Apollo 1 pa tesiti ya pansi, munali okosijeni yekhayekha ndipo chitseko chimatsegukira m'kati, Gus Grissom, Ed White ndi Roger Chaffee anafera momwemo. Saturn V yoyamba inauluka bwino pa 9 November 1967, magawo onse atatu kamodzin'kamodzi monga anakakamizira George Mueller wa ku NASA, bungwe la America loona za mlengalenga, koma yachiwiri, Apollo 6 pa 4 April 1968, inavuta kwabasi. Gawo loyamba linanjenjemera chokwera chotsika, pa gawo lachiwiri mainjini awiri a J-2 mwa asanu anazima, ndipo injini ya gawo lachitatu inakana kuyakanso. Munalibe munthu mwamwayi. Tsono tamvani zimene anapeza atafufuza. Pa injini imodzi mwa ziwiri zozima zija, kapaipi kopindika konyamula haidrojeni wamadzi kupita koyatsira kanathyoka chifukwa chonjenjemera, ndipo chifukwa chimene sikamathyokera pa matesiti a pansi n'choti haidrojeni ndi wozizira kwambiri, -253 digiri, moti mpweya wozungulira umaundana pa kapaipiko n'kumakagwira kuti kasanjenjemere, koma kumwamba kopanda mpweya kanatsala pokha. Injini yachiwiri ija inalibe vuto lililonse, mawaya anali atasemphanitsidwa ndiye lamulo lozimitsa yodwalayo linakazimitsa yabwino. Anasintha kapaipiko, anakonza mawaya, anaika mpweya wa helium m'mapaipi a okosijeni kuti uzimeza kunjenjemera kuja, ndipo roketi yotsatira pa 21 December 1968 inanyamula Frank Borman, Jim Lovell ndi Bill Anders kukazungulira mwezi pa Apollo 8. Zonsezi zinalembedwa m'malipoti amene aliyense angawerenge, mpaka kapaipi kothyoka. Ndipo Soviet Union imene imalondola maulendowa ndi zida zake, mdani amene akanasangalala kugwira bodza, sinatsutsepo.

Pali mbali ina yosakoma imene sitiyenera kuibisa pokamba za roketiyi. Wernher von Braun, amene amatsogolera ntchitoyi ku Huntsville ku Alabama, ndi yemwe uja anapangira Hitler roketi ya V-2 imene imagwa pa London ndi Antwerp, ndipo anali membala wa chipani cha Nazi komanso wa SS, gulu lankhanza la Hitler. Ma V-2 amapangidwa m'mapanga a pansi pa phiri ku Mittelwerk ndi akaidi a ku kampu ya Mittelbau-Dora, ndipo anthu amene anafa poipanga anachuluka kuposa amene inawapha pogwa. Nkhondo itatha mu 1945 America inatenga von Braun ndi anzake oposa 100. Arthur Rudolph, amene anadzakhala woyang'anira pulogalamu ya Saturn V, ndi amene amayendetsa ntchito yopanga pa fakitale ya m'phanga ija, ndipo mu 1984 anachoka ku America n'kutaya unzika wake boma litafufuza mbiri yakeyo. Ndimaisilira roketiyi koma akaidi aja ndimawawerengera pamodzi ndi amene anailipira.

Winanso amene dzina lake silimveka ndi John Houbolt, injiniya wa NASA ku Langley amene sanali bwana wamkulu. Akuluakulu amaganiza zotera pamwezi ndi chombo chonse, zimene zikanafuna roketi yoposa Saturn V kapena maroketi angapo okakumana m'mwamba. Iye anaumirira kuti chombo chachikulu chizitsala chikuzungulira mwezi, kutsike kachombo kopepuka kokha, kenako zikumanenso komweko. Ambiri anamukana poopa kuti zikalephera kukumana kutali choncho palibe wokawapulumutsa, mpaka mu November 1961 analumpha mabwana ake n'kulembera kalata Robert Seamans, mmodzi wa akuluakulu a NASA, ndipo mu July 1962 njira yakeyo ndi imene inasankhidwa. Popanda iyeyu roketi imodzi sikanakwana.

Kachombo kameneka anapanga ndi a kampani ya Grumman motsogozedwa ndi Tom Kelly, ndipo amalimbana ndi kilogalamu iliyonse moti anachotsa ndi mipando yomwe, anthu amayendetsa ataimirira pafupi ndi timawindo ting'onoting'ono. Injini yotsikira imatha kuchepetsedwa ndi kuonjezeredwa mphamvu, ndi imene inathandiza Armstrong kudutsa malo amiyala kufunafuna poyera, ndipo ndi yomweyonso inakankha Apollo 13 kubwerera kwawo mu April 1970 thanki ya okosijeni itaphulika. Koma injini yonyamukira pamwezi inali imodzi yokha, yopanda ina yodalira ikakana. Ndiye apa anachita zosiyana ndi F-1, anachotsa chilichonse chimene chingafe, pampu palibe, choyatsira palibe, mafuta ake ndi mankhwala awiri amene amangoyaka okha akakhudzana, helium ndi amene amawakankha, ntchito imangokhala kutsegula mavalavu. Kuyambira Apollo 11 mu July 1969 mpaka Apollo 17 mu December 1972 anatera pamwezi maulendo 6, anthu 12, ndipo injini imeneyi inayaka ulendo uliwonse.

Ine wanu,
Wowerenga nyuzipepala yanu