Chilengezo: Tidzaonera limodzi filimu yotsanzikira ya Daniel Craig

Okondedwa mamembala a gulu lathu la okonda mafilimu,

Tikukudziwitsani kuti Loweruka likubwerali tidzakumana pamalo athu a nthawi zonse kuti tidzaonere No Time to Die, filimu ya mu 2021 imene Daniel Craig anatsanzikira gawo la James Bond, kazitape wa ku Britain wodziwika ndi nambala ya 007. Imeneyi ndi filimu ya nambala 25 pa mndandanda umene kampani ya Eon Productions inauyamba mu 1962 ndi Dr. No, momwe munasewera Sean Connery.

Craig anasewera Bond kasanu kuyambira mu Casino Royale mu 2006, ndipo ngakhale poyamba ena ankamuderera chifukwa choti tsitsi lake silakuda, ine ndimaona kuti ndiye anapatsa kazitapeyu mtima wa munthu, pakuti Bond wake amatuluka magazi, amatopa, ndiponso amanyamula chisoni cha Vesper Lynd, mkazi amene ankamukonda yemwe anamwalira mu Casino Royale, mpaka mufilimu yomalizayi.

Popeza filimuyi ndi ya mphindi 163, tidzayamba 2 koloko masana osachedwa, kuti patsale nthawi yokambirana. Amene munaionera kale, chonde musaululire anzanu mathero ake.