Maikulosikopu asamakalambire m'kabati

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko ndi aphunzitsi anzanga a sayansi, makamaka a m'ma CDSS.

Pasukulu ina yomwe ndinaphunzitsako tinalandira maikulosikopu awiri, makina okuza zinthu zing'onozing'ono kuti zioneke bwino, aja a maso awiri oyang'anira zinthu zathunthu monga tizilombo ndi mbewu. Ahedi anawakhomera m'kabati, ati ana angaswe. Kabatiyo inatsamira khoma lomwe limanyowa dzinja lonse. Tsiku lomwe tinatsegula, m'magalasi munali timizere toyera ngati ukonde wa kangaude. Chinali chuku. Chuku chikakhalitsa chimadya galasi, moti ngakhale upukute bwanji chipsera chimatsala. Imodzi inathera pomwepo, mwana asanasuzumiremo n'kamodzi komwe.

Yotsalayo ndinachita kuikakamira. Makina amenewa savuta ngati ena aja a diso limodzi ofuna masilaidi, timagalasi toikapo chinthu chomwe ukufuna kuona. Amakuza chinthu ka 20 kapena ka 40 basi, choncho musayembekezere kuonamo tizilombo ta malungo, timene timafuna makina okuza ka 1,000. Koma chilichonse chokwana pa kambale kakang'ono chimaoneka monga chilili, chosatembenuzika, mpaka utha kuchigwiragwira ndi singano uku ukuyang'ana. Magetsi akathima tinkaunikira ndi tochi ya foni, kapena kusendeza tebulo pawindo.

Mu 2017, ntchemberezandonda zitavuta m'minda, ndinauza ana a Fomu 2 kuti abwere ndi mbozi za m'chimanga cha kwawo. Mtsikana wina, yemwe chaka chonse sanakwezepo mkono m'kalasi, ndi amene anayamba kuona chizindikiro chonga Y wozondoka pamutu pa mboziyo, kenako timadontho tinayi takuda chakumchira. Anakuwa kuti, "Sala, ili ndi ubweya!" Mawa lake anabwera ndi anankafumbwe m'kabokosi ka machesi, ati agogo ake akufuna adziwe kuti kachilombo kameneka kamaboola bwanji chimanga. Tinakaona kamlomo kake kataliko, ngati chitamba cha njovu.

Ana ambiri amayamba ndi kutsinzina diso limodzi, chifukwa akuona zithunzi ziwiri. Auzeni asendeze timachubu toyang'aniramo, kutalikitsa kapena kuyandikitsa, mpaka zozungulira ziwirizo zikhale chimodzi. Ayambe ndi mphamvu yochepa, akapeza chinthucho ndiye akuze.

Kasamalidwe kake sikafuna ndalama. Ponyamula, dzanja lina ligwire khosi, lina lichirikize pansi. Fumbi la pagalasi liyambe lachotsedwa ndi kaburashi kofewa musanapukute, chifukwa kamchenga kamodzi kakakhuzidwa kamakanda. Malaya, chitenje ngakhale tishu ayi. Kansalu kopukutira magalasi a maso kamakwanira, bola kakhale koyera. Chala chisakhudze galasi. Ine ndinkasunga makinawo m'bokosi louma pamodzi ndi timapaketi ta silica gel toyamwa chinyontho, tija timabwera m'mabokosi a nsapato zatsopano, ndipo potsekera temu ndinkachotsa mabatire kuti asadonthe. Chivundikiro cha pulasitiki chimatchinga fumbi la m'chilimwe, koma nthawi ya mvula chimasunga chinyontho, ndiye muzivundukulako kuti mphepo ipite.

Kwa alangizi amene mumayendera sukulu, pempho langa ndi ili: mukafika musamangowerenga makina m'kaundula. Itanani mwana wa Fomu 1, mumupatse nyerere, muone ngati angaipeze pagalasi.

Mphunzitsi wa Biology,
Ntcheu